Makina oyenda okha amasintha bwanji njira ali kale pa ulendo? Mafunso ndi mayankho

Ku Kasungu kuno nkhani ya makina oyenda okha si yongomva pa wailesi. Mu June 2017 boma la Malawi mogwirizana ndi UNICEF lidatsegula dera loyeserako ma drone, likulu lake pa bwalo la ndege la Kasungu, ndipo deralo limafika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalopo. Lidali loyamba mu Africa muno loyeserako tindegeti pa ntchito zothandiza anthu. Kuyambira pamenepo ambiri tidaonapo kandege kakudutsa pamwamba pa minda m'kati mulibe munthu. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza tindegeti, mapu a pafoni ndi galimoto zodziyendetsa, chifukwa masamu ogwira ntchito m'kati mwa zonsezi ndi apachibale.

Kodi m'makina amenewa mulibiretu dzanja la munthu?

Dzanja la munthu lilimo, kungoti siligwira chiwongolero. Drone ya mnyamata wojambula ukwati, amene waima panja pa tchalitchi rimoti ili m'manja, siyenda yokha. Ikakhota ndiye kuti chala chake chakhota. Yoyenda yokha ndi imene munthu amangoiuza kopita ndi malire oti isadumphe, iyo n'kunyamuka, kuwongolera ulendo wonse ndi kukatera popanda woigwira. Munthu amakhala pa kompyuta kuyang'anira, wokonzeka kuiitanitsa zikavuta. Mu November 2017 kandege kotchedwa EcoSoar, kamene pulani yake adaikonza a ku yunivesite ya Virginia Tech ku America koma kumanga adamanga ndi ophunzira a ku Malawi konkuno, kadauluka kokha makilomita 19 kuchokera pa chipatala cha Gogode kukafika pa bwalo la ndege la Kasungu.

Kamadziwa bwanji pamene kali?

Choyamba ndi GPS. M'mwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, mumazungulira masetilaiti a dziko la America osachepera 24, ndipo iliyonse imalengeza mosalekeza nthawi yake ndi malo amene ili. Kachipangizo ka mu drone kapena mufoni kamangomvera, sikatumiza kanthu. Kakamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo, kamawerengera kuti uthenga wa iliyonse watenga nthawi yotani kuti ufike, ndipo pamenepo kamapeza malo ake, kuphonya ndi mamita ochepa chabe. Mafoni ambiri a masiku ano amamveranso masetilaiti a Galileo a ku Ulaya, GLONASS a ku Russia ndi BeiDou a ku China.

GPS payokha siikwanira, chifukwa imachedwa ndipo nthawi zina imadumpha. Choncho m'kandegemo muli tizipangizo tina: koyeza kupendekeka ndi kutembenuka, kampasi, koyeza mpweya kuti kadziwe kutalika kwake kuchokera pansi, ndipo m'tindege ta mapiko mumakhalanso kachubu koyeza liwiro la mphepo. Tonseti timanama pang'ono, kalikonse mwa njira yakeyake. Masamu amene Rudolf Kalman adafalitsa mu 1960, omwe adagwiranso ntchito pa maulendo a Apollo opita kumwezi, ndiwo amagwirizanitsa mboni zosemphanazi. Kompyuta imayamba yalosera pamene iyenera kukhala pa kamphindi kotsatira, kenako imamva zimene tizipangizo tanena, n'kupendekera ku kamene kali kodalirika kwambiri pa nthawiyo. Imachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi.

Njira yoyamba imasankhidwa bwanji?

Kompyuta siona msewu monga timauonera ife. Kwa iyo dziko ndi mphambano ndi tizidutswa ta msewu tolumikiza mphambanozo, ndipo kachidutswa kalikonse kali ndi mtengo wake. Mtengowo ungakhale makilomita, mphindi, mafuta, mphamvu ya batire, kapena zonsezi zitasakanizidwa.

Tinene kuti mukuchoka pa Kasungu boma kupita ku Mchinji. Mutha kudzera ku Santhe n'kukatulukira pa Kamwendo, kapena kutsika ndi M1 kudutsa pa Madisi ndi Mponela mpaka ku Lilongwe, n'kutenga M12 yodzera pa Namitete. Yachiwiriyi n'njozungulira kwambiri, ndipo ngati mtengo ndi makilomita okha siingapambane. Koma kompyuta ikauzidwa kuti penapake pa njira yoyambayo padukiratu, kapena kuti lole yolemera siingadutse, yozungulira ija imasanduka yotsika mtengo.

Ndondomeko yopezera njira yotsika mtengo kwambiri adaitulukira ndi Edsger Dijkstra wa ku Netherlands mu 1956, n'kuisindikiza mu 1959. Imayambira pamene muli n'kumafalikira ku mphambano zoyandikana, nthawi zonse kutsogoza yotsika mtengo, mpaka itafika kopita. Vuto lake ndi lakuti imafufuza mbali zonse. Mu 1968 Peter Hart, Nils Nilsson ndi Bertram Raphael, akugwira ntchito pa loboti yotchedwa Shakey ku California, adaikonza kuti isamataye nthawi kupima misewu yolowera ku Jenda pamene munthu akupita ku Mchinji. Yawoyo imatchedwa A*, ndipo mpaka lero ikugwirabe ntchito m'maloboti ambiri.

Zimene zimalowa mu mtengo nthawi zina n'zodabwitsa. Kampani yonyamula katundu ya UPS ku America imakonza maulendo a galimoto zake mopewa kukhotera kumanzere, chifukwa kumeneko kukhotera kumanzere n'kudula galimoto zobwera kutsogolo, ndiye dalaivala amadikira injini ikudya mafuta. Ife timayenda kumanzere kwa msewu, kotero kwathu kuno kokwera mtengo ndi kukhotera kumanja.

Nanga zinthu zikasintha ulendo uli m'kati?

Apa ndiye pagona nkhani. Makinawa sapanga pulani kamodzi n'kuiumirira. Amabwereza ntchito zitatu mosapuma: kuona zimene zilipo, kuziyerekeza ndi zimene amayembekezera, ndi kuwerengeranso njira kuyambira pamene afika. Wakabaza amene wapeza kamtsinje kasefukira sabwerera ku siteji kukaganiza ulendo pachiyambi. Amaima pomwepo, akumbukira kuti chakumtunda kuli ulalo, akhota. Gawo la ulendo la kutsidya silidasinthe m'mutu mwake. Chasintha ndi powolokera pokha.

Kuti kompyuta ichite chimodzimodzi padafunika masamu ena. Mu 1994 Anthony Stentz wa ku Carnegie Mellon University adatulutsa ndondomeko yotchedwa D*, ndipo mu 2002 Sven Koenig ndi Maxim Likhachev adatulutsa yosavutirapo yotchedwa D* Lite. Zonse ziwiri zimasunga zimene zidawerengera kale n'kukonza pokhapo pamene pasintha. Kwa makina onyamula kompyuta yaing'ono, amene ali ndi kamphindi kochepa kuti asagunde chinthu, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Mtundu wina wa D* udaikidwa m'tigalimoto ta Spirit ndi Opportunity timene tinkayenda pa pulaneti ya Mars. Kumeneko palibe kuchitira mwina: uthenga wochokera padziko pano umatenga mphindi pakati pa 3 ndi 22 kuti ungofika, ndiye kagalimoto kodikira kufunsa munthu pa mwala uliwonse kangathe tsiku kasanasunthe. Galimoto ina yotchedwa Perseverance, imene idatera pa Mars pa 18 February 2021, imajambula, kuganiza ndi kuyenda nthawi imodzi, mawilo osaima.

M'makina ambiri muli oganiza awiri. Wina ndi wa zakutali, amene amasankha njira yonse kuchokera pano kukafika uko. Wina ndi wa zapafupi, amene amangoyang'ana masekondi ochepa kutsogolo: amayesa timanjira tambirimbiri m'kompyuta, amataya togunda chinthu, amasankha kamodzi, amayenda pang'ono, n'kuyambiranso. Wa zapafupiyu akalephera kupeza podutsa amauza mnzake kuti kuno kwatsekeka, ndipo mnzakeyo amakweza mtengo wa kachidutswa kameneko n'kufuna njira ina.

Opanga makinawa amaikamonso kuuma mutu pang'ono, mwadala. Makina osintha njira chifukwa chofuna kupulumutsa masekondi khumi akhoza kumangotembenukatembenuka pamphambano, poti manambala amasinthasintha nthawi zonse. Choncho njira yatsopano imayenera kupambana yakale moonekeratu kuti ilandiridwe.

Drone yonyamula mankhwala itakumana ndi mwera, ingatani?

Mphepo yoomba m'mbali siivuta kwenikweni. Kandege kamalozetsa mphuno chakumene mphepo ikuchokera, moti woyang'ana pansi amakaona ngati kakuyenda chopingasa, koma kakutsatabe mzere wake. Yovuta ndi yochokera kutsogolo, chifukwa imadya batire.

Tiyerekeze chabe. Kandege kakuuluka makilomita 80 pa ola, kupita ku chipatala chimene chili pa mtunda wa makilomita 30. Kopanda mphepo, kupita ndi kubwera ndi mphindi 45. Mwera wa makilomita 20 pa ola ukakhala kutsogolo, popita kamatenga mphindi 30, pobwera mphindi 18, zonse 48. Mphepo ikafika makilomita 40 pa ola, popita ndi mphindi 45, pobwera 15, lakwana ola lathunthu. Anthu ambiri amaganiza kuti zimene mphepo yalanda popita imabweza pobwera, koma sibweza zonse, chifukwa kandege kamakhala nthawi yaitali kakulimbana nayo kuposa nthawi imene imakakankha.

N'chifukwa chake kompyuta imakhalira kufunsa funso limodzi ulendo wonse: mphamvu yatsalayi ingandifikitse kopita, nanga ingandibweze kumene ndachokera? Pa maulendo ena pamakhala malo pamene kubwerera kumasiya kutheka. Kasanafike pamenepo, ngati manambala sakukwana, kamatembenuka. Kwa namwino amene akudikira katunduyo n'zokhumudwitsa, koma kubwererako kumapulumutsa katunduyo. Mvula yamkuntho ya mu January kapena kamvuluvulu wa mu October n'zimene tindege tating'ono sitiona bwino patali, ndipo nthawi zambiri amene amaletsa ulendo ndi munthu woyang'ana zanyengo kandege kasananyamuke.

Netiweki ikathawa, kandege kamasochera?

Ayi. Njira yonse imakhala italowetsedwa kale m'kandegemo, ndipo GPS siidalira TNM kapena Airtel. Chimene chimaduka ndi kulankhulana ndi woyang'anira. Zoyenera kuchita pa nthawi yotero zimalembedwa ulendo usanayambe: kuzungulira pamalo amodzi kwa kanthawi kudikira, kupitiriza kopita, kubwerera kwawo, kapena kukatera pa malo ena osankhidwiratu monga bwalo la mpira. Palinso mpanda wosaoneka wojambulidwa pa mapu, umene kandege sikaloledwa kudumpha. M'dera loyeserako la Kasungu malire a m'mwamba adaikidwa pa mamita 400 kuchokera pansi.

Foni nayo ikatha bandulo imadziwabe pamene muli, ndipo ngati mudatsitsiratu mapu a dera lanu imatha kukupezerani njira ina mukaphonya pokhotera. Chimene siingadziwe ndi zimene zikuchitika pamsewu pa nthawiyo.

Mapu a pafoni amadziwa bwanji kuti msewu wathina?

Amamva kwa mafoni a anthu ena amene ali pamsewuwo. Mafoni ambiri akamayenda pang'onopang'ono pamalo pamene masiku onse amathamanga, kompyuta imati pali vuto, imakweza mtengo wa pamenepo, n'kuuza obwera m'mbuyo kuti apatuke. Pulogalamu ya Waze, imene Google idagula mu 2013, imalolanso madalaivala kunena okha za ngozi ndi misewu yotsekedwa.

Kompyutayo siona galimoto, imaona mafoni. Mu 2020 katswiri wa zaluso Simon Weckert adalongedza mafoni 99 m'kangolo kokoka pamanja n'kumayenda nako m'misewu yopanda anthu ya mu Berlin, ndipo Google Maps idaonetsa misewuyo ngati yathina kwambiri.

Kwathu kuno vuto ndi losiyana: mafoni ndi ochepa. Pa M1 pamadutsa anthu ambiri oyatsa data, ndiye pakachitika kanthu mapu amatha kumva. Koma m'misewu yafumbi yolowera kumidzi ya ku Chulu kapena ku Simlemba, kungadutse maola popanda foni yotumiza kanthu. Mapu akakhala chete pamenepo sizitanthauza kuti msewu uli bwino, koma kuti palibe wawauza.

N'chifukwa chiyani foni imalowetsa munthu m'njira yoti galimoto siingadutse?

Chifukwa misewu yambiri ya kumudzi idajambulidwa kuchokera pa zithunzi za setilaiti, ndipo kuchokera m'mwamba njira ya ngolo ndi msewu wa galimoto zimafanana. Chithunzi chojambulidwa mu September chimaonetsa njira youma yodutsa m'dambo. Mu February pamenepo ndi chithaphwi chomeza tayala. Mlatho umene udakokoloka chaka chatha ungakhale udakalipo pa mapu. Masamu a Dijkstra salakwa, koma amawerengera pa zimene apatsidwa.

Nyengo yadzinja, foni ikakuuzani kuti musiye tala mulowe chidule, funsani kaye wa njinga yamoto wa pa siteji yapafupi. Iye wadutsako m'mawa womwewo.

Galimoto zodziyendetsa zingayende m'misewu yathu?

Kumene zikuyenda lero, zikuyenda m'madera osankhidwa. Kampani ya Waymo idayamba kunyamula anthu wamba popanda dalaivala mumzinda wa Phoenix ku America mu October 2020, kenako ku San Francisco ndi Los Angeles. Zisanayambe, misewu imeneyo idajambulidwa mwatsatanetsatane, mzere uliwonse ndi chikwangwani chilichonse. Galimotoyo imakhala ndi makamera, radar, ndi lidar imene imayeza mtunda ndi kuwala kwa laser.

Ntchito yovuta kwambiri kwa galimoto yotere si kupeza njira koma kulosera zimene ena achite. Mu March 2018 ku Tempe, Arizona, ku America komweko, galimoto yoyeserera ya kampani ya Uber idagunda ndi kupha mayi amene ankawoloka msewu usiku akukankha njinga. Ofufuza a boma adapeza kuti makinawo adamuona kutatsala masekondi oposa asanu, koma ankasinthasintha maganizo: galimoto, chinthu chosadziwika, njinga. Akasintha ankataya mbiri ya kumene chinthucho chinkalowera, ndipo munthu amene adaikidwamo kuti aziyang'anira maso adali pa foni.

Tsono ganizani za pa Chinkhoma nyengo ya msika wa fodya. Njinga yasenza matumba atatu a makala moti mwini wake sakuoneka, ngolo ikutuluka m'munda, mbuzi, minibasi yoima paliponse pamene kondakitala waona munthu. Palinso zizindikiro zimene sizili m'buku la malamulo a pamsewu. Nthambi zoyalidwa pa tala zingatanthauze kuti kutsogolo kwafa lole, zingatanthauzenso kuti pamudzi pagwa maliro, ndipo woyenda achepetse liwiro, wa panjinga atsike. Kamera ingaone masambawo, koma tanthauzo lake liyenera kuphunzitsidwa ndi munthu wodziwa kuno. Kuona kwanga n'kwakuti m'mwamba ndimo makina oyenda okha apitirire kutithandiza msanga, chifukwa mulibe maenje, mbuzi kapena matope, ndipo katundu wofunika changu monga magazi, katemera ndi zoyeza za kuchipatala ngwopepuka.

Makina akakhala ambiri, amagawana bwanji ntchito?

Pamenepa funso silikhalanso la njira yokha, koma lakuti ndani apite kuti ndipo ayambire pati. Masamu ake amakula mochititsa mantha. Malo 10 oti mufikeko angasanjidwe m'njira 3,628,800. Akakhala 15 zimaposa thiriliyoni imodzi. George Dantzig ndi John Ramser adalemba za vutoli mu 1959, poganizira za malole operekera petulo m'mafilingi siteshoni. Palibe kompyuta imene imayesa zonse. Imayamba ndi dongosolo labwinoko, n'kumasinthanitsa malo awiriawiri kuona ngati mtengo ukutsika, mpaka nthawi imene yapatsidwa itatha.

Pempho latsopano likabwera ntchito ili m'kati, kompyuta imaona pamene lingalowe popanda kusokoneza zambiri. Ngati ndi la changu, monga magazi a mayi amene akutaya magazi atabereka, limadumpha mzere ndipo zina zimasunthidwa. Ku Rwanda kampani ya Zipline idayamba kuulutsa magazi kupita kuzipatala mu 2016, chaka chomwecho chimene UNICEF idayesa kunyamula magazi a makanda okayezetsa HIV pa drone ku Lilongwe.

Za kugundana m'mwamba, ndege zikuluzikulu zili ndi chipangizo chotchedwa TCAS. Ndege ziwiri zikayandikana moopsa, zipangizozo zimagwirizana zokha kuti ina ikwere ina itsike, n'kuuza oyendetsa. Kwa ma drone njira yofala ndi kuwapatsa mizere, kutalika ndi nthawi zosiyana.

Ndani amauza makinawo chimene chili chofunika kwambiri?

Anthu. Kuti batire litsale lochuluka bwanji kandege kasanabwerere, kuti kuuluka pamwamba pa sukulu kapena msika kukhale kokwera mtengo motani, kuti katemera ndi magazi chiyambe n'chiti, zonsezi ndi manambala amene wina adakhala pansi n'kulemba. Makina amangotsata mwachangu ndi mosatopa. N'chifukwa chake pokonza ntchito zotere payenera kukhala anamwino, azaumoyo a m'midzi ndi mafumu, osati akatswiri a kompyuta okha. Zikalakwika, makinawa amasunga mbiri ya ulendo wonse, zimene tizipangizo tidaona ndi chimene kompyuta idasankha sekondi iliyonse, ndipo ofufuza amayambira pamenepo.

Wachinyamata wofuna kuphunzira zimenezi ayambire pati?

Masamu ndi physics za ku sekondale ndiwo maziko, makamaka za liwiro, makona ndi ma graph. Mu January 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa African Drone and Data Academy, mothandizidwa ndi UNICEF ndi Virginia Tech, mogwirizana ndi Malawi University of Science and Technology ya ku Thyolo, kuphunzitsa achinyamata kumanga ndi kuulutsa ma drone komanso kusanthula zithunzi zake. Mapulogalamu oyendetsa tindege monga ArduPilot ndi PX4 ndi aulere, ndipo munthu atha kuyeserera kuulutsa kandege pa kompyuta popanda kugula kalikonse.

Pali ntchito inanso yoti muyambe lero ndi foni kapena laputopu. OpenStreetMap, mapu amene adayamba mu 2004, amalola aliyense wolembetsa kuwonjezera ndi kukonza, ndipo mabungwe ambiri othandiza anthu amawagwiritsa ntchito pokonza maulendo. Mungalembemo kuti msewu wopita ku chipatala cha kwanu ndi wafumbi, kuti pamtsinje wakutiwakuti pali mlatho kapena anthu amangowoloka pamadzi, ndiponso kuti njira ina n'njodutsa njinga zokha.